Ndinadula Mtengo wa Esinati

Inu owerenga, ine sindinazolowere kupepesa. Koma apa ndinalakwa, ndipo woti ndim'pepese kulibenso.

Matipate atangolowa, ndinapuma ntchito ya ufolomani ku Makata n'kugula kanema ndi dishi yokoka zithunzi zakunja. M'dera lathu ku Ndirande panalibe wina amene anali nayo. Mmisiri wodzaimanga anati setilaiti yotumiza zithunzizo ili kutali kumwamba, imazungulira limodzi ndi dziko, motero kwa ife imakhala ngati yaima malo amodzi. Dishi iyenera kuloza pomwepo popanda chotchinga. Kumaso kwa nyumba kunatchinga mtengo wa mapeyala. Iye anati kuseri kulibe vuto. Ndinakana. Kuseriko akanaiona ndani?

Mtengowo anaubzala akazi anga pamene anakwirira mchombo wa Esinati, mwana wathu woyamba, amene anamwalira asanayambe kuyenda. Manda ake anasokonekera kalekale pakati pa manda ena. M'mawa uliwonse mayiwo ankasesa pansi pa mtengowo.

Nditatulutsa nkhwangwa, anagwada pafumbi anansi akuona.

"Abambo a Esinati, chitsulocho chingathe kusuntha. Mwanayu sangasunthe."

Ndinawayankha kuti mwana wakufa sadya mapeyala. Ndinaudula iwo ali chigwadire. Nthambi zitauma, ndinawalamula kuti azisonkhe pamoto n'kuphika tiyi wa anzanga odzaonera nkhonya pa kanema. Anaphika, n'kutipatsa mwaulemu, osagwetsa msozi. Ine ndinkati nkhani yatha.

Mvula itayamba anapita kwawo ku Phalombe, ati kukabzala chimanga. Sanabwerere. Ankhoswe anadzandiuza kuti ndikangofika n'kuvomera kulakwa, mayiwo abwerera. Ndinati wochoka yekha abwere yekha. Uthenga wotsatira unali wa maliro awo. Kumandako mlongo wawo anandigwira dzanja ndisanaponye dothi, nati, "Alamu, inu mbali yanu munaichita kale." Ndinabwerera ku Ndirande tsiku lomwelo, popanda wondiperekeza.

Anzanga a nkhonya aja anasiya kubwera ena atagula madishi awo. Yanga inachita dzimbiri, koma idakalozabe kumwamba, kumaso kwa nyumba, pamene aliyense angaione monga ndinkafunira. Chitsa chilipo. Masana ndimakhalapo, dzuwa lili pamutu, chifukwa mthunzi ndinachotsa ndekha.

Amuna anzanga, mkazi akakugwadirani chifukwa cha chinthu choti chingasunthe, chisuntheni tsiku lomwelo. Zoima malo amodzi isiyireni setilaiti. Iyo ilibe mkazi.