Kwaya ya m'foni mwanga

Chaka chatha ndinapeza mapodikasiti aulere, mapulogalamu a pa intaneti ongomvera ngati wailesi, ophunzitsa kuweta nkhuku. Ndinkawatsitsira m'foni ndikapita kumsika ku Nsaru, komwe netiweki imagwira bwino, n'kumamvera kunyumba ndikuswa mtedza. Nkhuku zanga zinayamba kuswana, ndipo anthu m'mudzi anayamba kunditchula kuti alangizi. Dzinalo linandikoma kwambiri.

Tsiku lina a Nabanda, oyandikana nawo nyumba, anandipeza pakhonde nditaika timawaya m'makutu.

"Amake Tadala, nzeru za nkhukuzi zimachokera m'menemu eti? Tandiikireniko nanenso m'foni mwangamu."

Kuwatumizira sikukanatha ngakhale mphindi ziwiri. Koma ndinaganiza kuti alangizi awiri m'mudzi umodzi achuluka.

"Ayi, izi ndi nyimbo za kwaya basi," ndinatero. Ndinachita kuwaimbira kavesi kamodzi, ndi mawu anga osasawa, pomwe m'khutu bambo wa pulogalamuyo ankafotokoza za katemera wa chitopa.

Nkhuku zanga ndinazipatsa katemera mwakachetechete. Nyengo yotentha itafika, chitopa chinalowa m'mudzi, ndipo khola la a Nabanda linatsala nthenga zokha. Ankadalira nkhukuzo kuti akagulitse n'kugula feteleza.

Anabwera kwathu, naima n'kumayang'ana zanga zikutolatola pabwalo. Ndinkadikira kuti andikalipire, mwina mtima ukanapepukako.

"Inu ndiye Mulungu amakukondani," anatero. "N'chifukwa cha nyimbo zanu zija."

Ine, alangizi athunthu, ndinangoti, "Ameni."