Bandeji pa phazi losapsa

Ndinayenda pa moto m'chaka changa chachiwiri ku Doha, ndipo sindinapse. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa mwana wanga mpaka lero amadziwa zoti ndinapsa, ndipo amene anamuuza bodzalo ndine.

Ndimagwira ntchito pa hotelo ina ku West Bay, mbali yotumikira alendo pa misonkhano ndi maphwando. Setifiketi yanga ya za mahotelo ili m'sutikesi pansi pa bedi ku Rawdat Al Khail, kumene timagona atsikana anayi m'chipinda chimodzi. Ntchito yake ndi kuimirira basi. Umaimirira ndi thireyi, umaimirira wopanda thireyi, pokwera basi ya kampani mapazi amakhala ngati obwereka. Mwana wanga wamkazi ndinamusiya ndi amayi ku Zomba atangoyamba kuyenda. Amandidziwira pa foni. Chilichonse ndimajambula n'kutumiza: ndikudya, ndili m'sitima, ndikupesa tsitsi. Amayi amati vidiyo imodzi amaionera mpaka batire kutha, kenako amachita zimene waonazo. Nditatumiza ina ndikusita yunifolomu, sabata yonse ankasita mipango ya agogo ake ndi mtanda wa sopo. Ndinaseka kwambiri tsiku limenelo. Ndikanangokumbukira.

Nyengo yozizira itafika, mabwana analengeza kuti hotelo ikukonza mwambo wosonkhetsa thandizo la ana odwala. Alendo olemera adzayenda pa makala oyaka, anzawo n'kumapereka. Ankafunanso antchito angapo ayende nawo kuti zithunzi zioneke bwino. Mayi wa ku ofesi ya antchito anatipeza tikudya nkhomaliro, pepala m'manja, akumwetulira. Anati sakukakamiza munthu. Koma kontirakiti yanga inali itatsala miyezi itatu, ndipo ine ndine munthu woti bwana akangondiyang'ana kawiri sindigona. Ndinalemba dzina. Sindinganame kuti ndinkaganizira ana odwalawo. Ndinawaganizira pambuyo pake ndili m'basi, n'kuchita manyazi ndekha.

Pa geti ya antchito pali mlonda wa ku Mangochi, bambo wamkulu ndithu, msinkhu wa amalume anga. Atamva anaseka mpaka kutsamira khoma.

"Achemwali, ulendo wonsewu mwabwerera kudzaotcha mapazi? Mukuyesa ndi chimanga?"

"Ndi zachifundo, ankolo."

"Chifundo chake chotani? Munthu akafuna kuthandiza amangopisa m'thumba, khalasi, zatha. Awa mpaka wina anunkhe kaye?"

"Akuti munthu sapsa."

"Ndiye zoopsazo. Kwathu woyenda pa moto osapsa timamuthawa. Mayi anu asaone zimenezi, adzati mwana wawo walowa zachilendo kunjako."

Mawu amenewo ndi amene ndinanyamula. Masiku onse otsatira nkhawa yanga inali pa zimene anthu akanene kumudzi.

Tsikulo anayatsa nkhuni pamchenga kuseri kwa hotelo dzuwa lisanalowe. Wotiphunzitsa, mzungu wa mawu ngati wailesi, anatisunga m'holo ola lathunthu akutikuwitsa kuti ndife amphamvu. Ine ndinali nditaimirira kuyambira m'mawa, chimene ndinkafuna ndi mpando. Chomwe ndinagwirapo n'chakuti makala a nkhuni akakutidwa ndi phulusa satentha khungu msanga, bola uyende osathamanga komanso osaima. Kumzikiti atangomaliza kuitanira pemphero la madzulo, anasalaza makalawo ndi fosholo. Anali psuu, utali ngati mphasa ziwiri. Mnzanga wa ku Kenya amene timagona chipinda chimodzi anagwira foni yanga kuti ajambule. Wina kumbuyo anakuwa mondifulumizitsa, "Yala, yala!" ndipo ndinaponda.

Kanayi kapena kasanu basi. Zinali ngati kuponda mchenga wa masana, ukunyenyeka pansi pa phazi. Kenako madzi ozizira, anthu m'manja phwaphwaphwa. Anandipatsa pepala lonena kuti ndine wolimba mtima, ndipo posakhalitsa ndinali nditavalanso nsapato ndikugawa juwisi kwa anthu omwe aja.

Koma mu vidiyomo ndinkaoneka bwino. Ndinali ndikuseka, manja m'mwamba, moto uli pansi panga. Zaka ziwiri ndinali ndisanadzionepo ndikuseka choncho, ndipo ndinkafuna kwathu aone kuti kuno sindimangonyamula mbale. Ndinatumiza, pamodzi ndi uthenga wautali wa mawu wofotokoza kuti si zamatsenga, si zausatana, ndi zothandiza ana, ngakhale abusa atha kuyendapo. Ndinaganizira abusa, amayi a mvano, aneba onse. Mbaula ya pakhonde la amayi sindinaiganizire.

Amayi saimba foni, amangofulasha kuti ndiwaimbire. Patatha masiku awiri anaimba katatu ndili pa shifiti. Ndinathawira m'kachipinda kosungira nsalu za pa tebulo.

"Iwe, mutu wako ukugwira bwinobwino?"

"Amayi, ndinafotokoza kale, si zamizimu."

"Ndani wakamba za mizimu? Ndatsiriza kuphika nyemba, ndakhuthula makala pansi kuti ndiwazime, ndangotembenuka kutenga madzi. Mwana wavula masilipasi, wakweza manja m'mwamba, akuti, agogo taonani, ngati amama! Ndamukoka diresi phazi lili m'malere."

Ndinakhala pansi, pa matawulo a alendo.

"Wapsa?"

"Sanapse. Ndamumenya, walira, koma akuti moto wa amama suotcha, agogo ndi amantha. Vidiyo ndafufuta. Nanga m'mutu mwakemo ndifufuta ndi chiyani? Nyumba iliyonse pa mzere uno ili ndi mbaula, ndipo ine maso ndili nawo awiri. Wayambitsa ndiwe. Umalize."

Nditaweruka ndinaimba pa vidiyo. Ndinamuuza mwanayo pang'onopang'ono kuti moto umaotcha, kuti wa kuno unali wina, unakonzedwa ndi akuluakulu. Mwana wa zaka zitatu angamve chiyani za phulusa? Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndione phazi." Ine kupusa, ndinaonetsa. Loyera bwinobwino, lopakidwa mafuta. Anaomba m'manja. Kumbuyo kwake ndinamva amayi akutsonya.

M'mawa mwake ndinalowa m'sitolo ya mankhwala pafupi ndi kumene timagona, ndinagula bandeji ndi mankhwala ofiirira aja opaka pa chilonda. Mnzanga wa ku Kenya anandimanga phazi lakumanja mpaka m'kakolo, n'kudontheza mankhwalawo pamwamba kuti aoneke ngati atulukira mkati. Ankaseka poyamba. Ataona kuti ine sindikuseka anasiya.

Ndinaimba. Ndinati, "Taona, mwanawe. Dzulo silinkaoneka, lero latupa. Moto wandiotcha. Amama analakwitsa." Ndinakonzekera kulira kwabodza, koma kumene kunabwera sikunali kwabodza, ndipo kunakana kusiya. Mwanayo anayang'anitsitsa bandejiyo. Kenako anasendeza nkhope pafupi mpaka ndinkangoona kamwa, n'kuyamba kuuzira foni, fuu, fuu, monga amachitira agogo ake iye akagwa.

"Pepani amama. Lipola."

Amayi anatenga foni, anandiyang'anitsitsa. Amadziwa nkhope yanga ndikamanama kuyambira ndili wamng'ono. Anangoti, "Uzipaka mankhwala," n'kudula.

Bandejiyo ndinaivala milungu itatu. Ndinkafika kuchokera ku ntchito mapazi akuwawa zenizeni, onse awiri, n'kukhala pa bedi kumanga limodzi lokha ndisanaimbe. Ndinkaichapa n'kuiyanika pa chitsulo cha bedi. Mu mavidiyo ndinkatsimphina. Tsiku lina ndinasokoneza n'kumanga lakumanzere, ndipo mnzanga uja ndiye anandikumbutsa foni ikulira kale. Mlonda wa pa geti anandifunsa ngati kumudzi andichotsa mu mpingo. Nditamufotokozera sanaseke. Anati nayenso ali ndi kamdzukulu kosamva, ndipo anatsegula geti.

Kontirakiti anawonjezera, limodzi ndi ya atsikana onse amene sanalembe dzina pa pepala lija. Ndimakhulupirira kuti thandizolo linafika kwa ana odwala, sindinafufuze. Chaka chotsatira mayi wa ku ofesi anabweranso ndi pepala, ndipo ndinamuuza kuti ndili ndi mwana. Anandiyang'ana osamvetsa, ine ndinalibe mphamvu zofotokoza.

Amayi amati tsopano mwanayo mbaula amailambalala patali, ndipo amakalipira ana a aneba akaiyandikira. Ndi zimene ndinkafuna. Koma amatinso kwa miyezi ingapo ankamanga kansanza ka chitenje ku phazi, n'kumatsimphina pabwalo, akuti akusewera amama. Ameneyo ndiye mayi amene akumudziwa, wovulala ndi wolira. Uja woseka manja m'mwamba anafufutidwa, ndipo ine ndemwe ndinamufufutanso mu foni yanga.

Tchuthi changa chayandikira. Sabata yatha mwanayo anandiuza kuti ndikadzafika adzandivula nsapato kuti aone chipsera. Ndakhala ndikuliyang'ana phazili posamba, ndipo sindikudziwa kuti ndidzamuuza chiyani.