Bogi Yotsala Pamkeka

Aliyense wodutsa pa Nsipe ali maso anawaonapo a Paison. Amakhala pakhonde la golosale ya a Adamu, atazunguliridwa ndi zitini zodulidwa, mawaya ndi mitembo ya mawailesi. Ntchito yawo ndi kupanga sitima. Osati zenizeni ayi, koma zidole za malata zoyenda zokha ukaika mabatire.

Anabadwira ku Bilila, kufupi ndi njanji, ndipo akuti ali mwana ankatulukira pawindo la kalasi akangomva kulira kwa sitima. Sukulu nayo inawatulukira pawindo ali sitandade sikisi. Anayesa kukonza njinga, anayesa kugulitsa kachewere ku Lizulu, anayesanso kwaya, koma konseko ankauzidwa mawu amodzimodzi: "Achimwene, kapumeni kaye." Sitima yeniyeni sanaikwerepo. Mukawafunsa amati naye wosoka nsapato sapita konse kumene nsapato zake zimapita.

Amene anawakweza pa ntchitoyi ndi a Obed Maliro, mlimi wa mpunga wa kudambo la Bwanje. Chaka chimene anakwatira, a Maliro anagula mutu wa sitima ndi mabogi awiri, yawo ndi ya akazi awo. Atabadwa mwana woyamba anabwera kudzagula bogi imodzi, yoti izikokedwa pambuyo. Wachiwiri atabadwa, bogi ina. Anansi anaona, nawonso anayamba, mpaka chinasanduka chizolowezi cha mabanja angapo a kumeneko: bogi iliyonse ndi munthu. Mwana akabadwa, bogi. Mtengwa akalowa pakhomo, bogi. Munthu akamwalira bogi yake sichotsedwa, amangoipaka utoto wakuda padenga. Sitimayo imakhala pamwamba pa kabati, yofunditsidwa nsalu, ndipo mwana woikhudza amadziwa yekha chomwe chimtsatire. Imatsika pa Khirisimasi ndi tsiku lolandira bogi yatsopano basi.

A Adamu nawo amasonkhanitsa, koma mwa njira yawo. Mtundu uliwonse umene a Paison apanga, yoyamba imakwera pashelefu, pamwamba pa shuga. Madalaivala a malole ayesa kuwanyengerera kuti agulitse imodzi, iwo amangoloza shugayo.

Kwa zaka zonsezi sitima za a Paison zinkayendera timamota ta m'mawailesi a kaseti, ndipo mabogi ankakolana ndi ngowe ya sipoko ya njinga. Zinali zakuda, za chumuni, zoyenda mwaulesi uku zikulira ngati chigayo chakutali. Koma mawailesi a kaseti anatha m'midzi. Ndiye tsiku lina kondakitala wa minibasi anawaonetsa pafoni sitima ya kunja, yoyera, yamphuno yosongoka. A Paison anaiyang'ana mpaka minibasi inayamba kuimba hutala. Mwezi usanathe anali atapanga yawo: yoyera, yopanda chumuni, ya mota ya kafani ka sola, yotchaja ngati foni. Ngowe anazitaya. M'malo mwake anaika timaginito ta m'masipika, kuti mabogi azingopsompsonana okha.

Anaiyendetsa koyamba patebulo la a Adamu, anthu ataunjikana. Inathamanga osalira n'komwe, n'kukagwera m'thumba la nyemba.

"Yafika kale?" anafunsa a Adamu.

"Ndi liwiro limenelo, bwana. Dziko likupita kumeneko."

"M'nyemba?"

A Adamu anaitola, anaitembenuza, anainunkhiza. "Paison, iyi ndi sitima kapena sopo? Utsi uzitulukira pati?"

"Yamagetsi siifuna utsi."

"Yakale ija inalinso ya mabatire, koma ulemu wa chumuni inali nawo."

Mayi wina wogulitsa tomato anati sitima yosalira ndi ya mfiti. Anyamata a kabaza anaikonda, koma anyamata a kabaza sagula zidole. A Adamu anaiikabe pashelefu, kumapeto, pafupi ndi mankhwala a makoswe. A Paison sanakhumudwe. Mumtima ankadziwa kuti anthu amayamba atukwana kenako n'kugula.

Sabata yomweyo kunabwera a Maliro, nkhope ili ngwee. Veronica, mkazi wa mwana wawo Nicholas, anali atabereka mwana wamwamuna. Nicholas amagwira ntchito ku Joni ndipo kumudzi anangobwerako pa Khirisimasi, choncho panali ena amene anali atayamba kale kuwerenga miyezi pa zala. A Maliro sankazimvera zimenezo. Anafuna bogi ya mdzukulu wawo. A Paison anasankha yokongola kuposa zonse mwa zatsopano zija, n'kuikulunga m'chitenje monga mwa nthawi zonse, pakuti bogi imavundukulidwa pamaso pa banja lonse, osati pamsika. Za ngowe sanaziganize. Maganizo awo anali pa mmene anthu a ku Bwanje akadzidzimukire ndi kuyera kwake.

Anadzidzimukadi. Patapita masiku ochepa a Maliro anatsika minibasi atasenza thumba la mpunga, koma m'kati munali sitima yonse ya banja lawo. Anakhala pabenchi osapereka moni wokwanira.

"A Paison, mwandiphera banja."

Anafotokoza. Tsiku lotulutsa mwana m'chikuta, abale atadzaza pabalaza, anayala mkeka n'kutsitsa sitima. Bogi yoyera ija inamata pa ngowe ya bogi ya Veronica, anthu n'kuwomba m'manja. Koma mutu utangokoka, sitima yonse inanyamuka, yoyerayo n'kutsala yokha pakati pa mkeka. Anayesanso, inatsalanso. Apo ndi pamene a Regina, mlongo wawo wa a Maliro, anatsokomola n'kunena kuti, "Magazi sanama." Kuyambira tsiku limenelo Veronica satuluka kuchipinda, ndipo zovala zake zili kale m'chikwama.

"Koma ndi maginito chabe," anatero a Paison. "Maginito amafuna mnzake. Pa sipoko sagwira mokwanira."

"Kwathu kulibe amene akukamba za maginito."

"Ndikupatseni yakale, ya ngowe. Ilipo imodzi yotsala."

"Kuti anene kuti tasintha mwana? Anthu anaiona yoyerayo. Yomweyo ndiyo ikoke, apo ayi mpongozi wanga akupita kwawo Loweruka."

A Adamu anasuzumira pawindo la golosale. "Ndinanena ine. Sopo amaterera."

A Paison anaiyang'ana bogi yawo yoyera. Kuibowola kuti aikemo ngowe kukanang'amba chitini chonse, pakuti anaipanga yopyapyala kuti izithamanga. Komanso, tinene zoona, mtima sunkalola. Anatafuna waya. Kenako anatenga chitini chakale chokhuthala chimene chinali pansi pa benchi, anachiika matayala, mbali imodzi ngowe, mbali inayo maginito. Kanali kabogi kakang'ono, kotuwa, kopanda mawindo. Anakayesa pakhonde pomwepo ndipo sitima yonse inayenda, yoyera ili pambuyo ngati mkwatibwi.

"Mupite nokha mukaonetse," anatero a Maliro. "Ine akandiona ndikugwiragwira adzati ndamata ndi ulimbo."

Loweruka a Paison anavala jekete n'kutsikira ku Bwanje. Pabalaza panali podzaza kuposa tsiku loyamba, chifukwa nkhani yoipa siisowa mboni. Nicholas anali pafoni kuchokera ku Joni, foniyo itatsamiritsidwa pa sugabolo, kambale ka shuga, kuti aziona. Veronica anaima pakhomo la kuchipinda, mwana kumsana, chikwama pamapazi.

A Paison anagwada pamkeka, analumikiza, anayatsa. Mutu unalira kulira kwake kwa chigayo, unakoka a Maliro, unakoka malemu akazi awo a denga lakuda, ana onse, Nicholas, Veronica, kabogi kotuwa, ndipo pambuyo penipeni yoyera ija inatsatira bwinobwino mpaka kumapeto kwa mkeka. Wina analuluta. A Paison anayamba kufotokoza za maginito, koma palibe amene ankamva.

A Regina sanalulute. Anawerama, n'kuloza ndi chala.

"Nanga aka n'ka ndani?"

"N'kolumikizira chabe, mayi."

"Pa sitima ino palibe chabe. Bogi iliyonse ndi munthu. Aka kali pakati pa mayi ndi mwana, ndiye kuti kanabadwa mwanayu asanabadwe. Mayi wake ndani?"

Maso onse anatembenukira ku sugabolo. Nicholas anatsegula pakamwa, chithunzi n'kuuma pomwepo, monga amachitira netiweki ya kudambo. Anakhala choncho, kukamwa yasa, pamaso pa abale ake onse.

Veronica, amene sanalankhule sabata yathunthu, anayandikira foniyo. "Bambo a mwana, yankhanitu. Ku Joniko muli ndi kotuwa?"

Anatola chikwama chija. Tsopano sankachitola ngati wothamangitsidwa, koma ngati wopita yekha. A Paison anaona kuti banja limene anabwera kudzalimata likung'ambikira mbali ina. Kukachotsa kabogiko, yoyera itsala. Kukasiya, Nicholas ali ndi mwana wapatchire. Analoza kabogiko.

"N'kanga," anatero. "Ndine ameneyo."



"Inu?" anafunsa a Regina.

"Ine. Taonani, n'kakafupi, n'kotuwa, kalibe mawindo."

A Regina anayang'ana kabogiko, anayang'ana a Paison, anayang'ananso kabogiko. "Kakufananidi," anavomera.

A Maliro sanachedwe, poopa kuti mlongo wawo angapeze funso lina. Ananena kuti popeza a Paison alowa pa sitima, ndipo alowera mbali ya Veronica, ndiye kuti ndi malume ake a mwanayo, nkhani yathera pomwepo. Veronica anaika chikwama pansi. Netiweki itabwerera, Nicholas anapeza anthu akudya, ndipo anauzidwa kuti apereke moni kwa alamu ake.

A Paison ankayesa kuti zathera pa mkeka. Koma wa pa sitima ndi wa pa sitima. Kukagwa maliro ku Bwanje uthenga umafika pa Nsipe, ndipo amayembekezeka kufika ndi khasu. Mwana akatentha thupi amaimbiridwa foni. Nyengo yowokera mpunga itakwana, a Maliro anatumiza mawu achidule akuti banja lonse likhala m'munda Lolemba.

Sitima zoyera akupangabe, ndipo mabanja awiri atatu ayamba kugula, ngakhale a Adamu sanaisunthe yawo pafupi ndi mankhwala a makoswe. Koma tsopano asanakulunge bogi amafunsa kaye kuti kunyumbako kuli za ngowe kapena za maginito. Akamva kuti za ngowe, amapinda sipoko mwakachetechete. Akuti ubale umodzi wa mpunga ndi wokwanira msana wa munthu mmodzi.

Lolemba lija anapitadi. Analowa m'matope mpaka m'mawondo, buluku atapinda, mbande zili m'manja. Mzere wawo unkapita uku ndi uku. Veronica, mwana ali kumsana, anaima n'kuuyang'ana.

"Achimwene, njanji zanu zimakhala chonchi?"

"Pamakhala pokhota, mlongo."

"Zulani muyambirenso."

A Paison anazula.