Ndinakana Kujambula Apongozi Nditaimirira

Ndinachoka kwathu ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue, Loweruka sikisi koloko m'mawa, envulopu ya zithunzi nditaikumbatira pachifuwa. Ulendo unali wa ku Lusaka, kumene kagulu ka anthu okonda kujambula kamakumana kamodzi pamwezi. Tsikulo ankasankha zithunzi zokapachika pachionetsero chawo, ndipo ine ndinkafuna chimodzi chokha chilowe: cha apongozi anga aamuna, aZulu, amene anakalambira pa ntchito ya njanji. Kamera yanga ndi yakale, yosiyiridwa ndi mlamu wanga, koma musandiderere nayo.

Pamsewu waukulu ndinakwera minibasi ya makwacha makumi anayi. Kondakitala anafuna kukankhira envulopu yanga pansi pa mpando, pamodzi ndi thumba la nsomba zouma.

"Iwe, usayese! Muli bantu umo!" ndinatero.

"Bantu shani, ba mayo? Nabo balipire!"

Basi yonse inaseka, ine envulopu osaisiya.

Pa Shimabala tinaima nthawi yaitali, akukweza mabokosi a tomato mpaka m'miyendo mwathu. Ndinagula vitumbuwa viwiri pawindo, koma ndinadya ndi dzanja limodzi kuopa kupaka mafuta zithunzi. Titadutsa Chilanga magalimoto anathinana, tikuyenda ngati tikuperekeza maliro. Ndinafika naini koloko itakwana, m'kaholo kena kuseri kwa tchalitchi.

Lamulo la kaguluko ndi lakuti mwini chithunzi amakhala chete mpaka onse atamaliza kunena. Kwa ine, wa pakamwa posauma, chimenecho chinali chilango. Mkulu wawo, Ba Chanda, anayamba ndi chithunzi changa cha mlatho wa pa mtsinje wa Kafue.

"Kamera munaipendeka. Onani, mumana wa Kafue ufuna kutayikira kumanzere."

Zinandiwawa, koma zinali zoona. Ndinalemba m'kabuku. Kenako anatenga cha apongozi. Mayi wina anati dzuwa linali kumbuyo, nkhope yada. Wina anati waya woyanikapo zovala ukuoneka ngati ukutuluka m'khutu mwawo. Mayo ine, waya umene ndimayanikapo tsiku lililonse, osauona! Ndinalembanso.

"Manje vuto ikulu ni iyi," anatero Ba Chanda. "Munajambula muli pansi. Tiona chabe chibwano na mphuno. Kamera ifunika kulingana na maso ya muntu. Bwelelani, muimilile, mujambule futi. Mukachita ivo, tizapachika."

Nthawi yanga yoyankha itafika ndinati, "Za dzuwa ndamva, za waya ndamva, zikomo. Koma awa ndi apongozi anga. Iwo akhale pampando, ine ndiwaimirire pamutu ngati wapolisi? Ndinagwada, ndipo ndidzagwadanso. Chimenecho sindinalakwitse."

"Apa tikamba za zithunzi, osati za mwambo," anatero.

"Ine ndikukamba zonse ziwiri."

Kenako inafika nthawi yoti ifenso tinene za zithunzi zawo. Cha Ba Chanda chinali cha amayi ogulitsa nsomba m'mbali mwa msewu, kwathu komwe ku Kafue. Mtima unkati ndibwezere, koma ndinaugwira.

"Kuwala kwake n'kwabwino, sindinama," ndinatero. "Koma ndikuona maduku okhaokha, nkhope palibe. Munatsika m'galimoto? Munawapatsa moni?"

Anakanda kumutu. Anavomera kuti anajambulira pawindo.

"Tsiku lina mudzatsike, mudzanyonyomale pafupi ndi beseni. Adzakuyang'anani."

Bambo uja analemba m'kabuku kake, ndipo pamenepo ndinamulemekeza. Koma pa chithunzi changa sanasunthe. Anthu anakweza manja posankha, cha apongozi chinagwa. Ndinachibwezera mu envulopu ndekha, misozi ili pafupi, koma sindinawapatse mwayi woiona.

Pafupi ndi siteshoni ndinadya nshima ya kapenta, yoti ndi mkwiyo sindinaimve kukoma. Basi yobwerera inanyamuka thuu koloko, ndipo njira yonse ndinkakangana ndi Ba Chanda mumtima. Ndinkapambana ndine.

Ndinafika ku Nangongwe dzuwa litapendeka. Apongozi anali pampando wawo pansi pa mtengo wa mango. Ndinamasula waya uja, ndinawapempha atembenukire kumene kunali kuwala, ndinagwada.

"Amake Tisa, a ku Lusaka ati bwanji?"

"Akana, atate. Akuti ndikujambuleni nditaimirira."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye imirirani! Ine sindikwiya. Mutaye mwayi chifukwa cha nkhalamba?"

Apa ndiye ndinazindikira kuti sikunali kuopa mwambo kokha. Chilolezo anandipatsa, koma maondo anakana. Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala pakhomo pano, ndikuwapatsa madzi osamba m'manja, ndikuwauza za matenda ndi za maliro, nkhope yawo ndimaionera pansi pomwepa. Munthu akakuuza kuti wapendeka kamera, uwongole. Akakuuza kuti uone wako ndi maso ake, umuthokoze, basi.

"Atate," ndinatero, "ndikaimirira ndijambula munthu amene sindimudziwa."

Anasiya kuseka. Anakonza kolala ya malaya awo, anawongola msana, nandiyang'ana pansi pamene ndinali.

"Jambulani, mayi."