Tsiku Limene Mphuno ya Tupochile Inadzuka

Ine ndi amene ndinathamangitsa korona mu Perth muno, ndi tsache lokha. Chabwino, ndanama, ndinabisala m'nyumba ku Armadale. Amene anamenya nkhondo yeniyeni ndi Tupochile, mwana wa mchemwali wanga, wogwira ntchito yosamalira okalamba. Mu 2022 matendawa anamugwira, ndipo atachira sankamvanso fungo kapena kukoma kwa chakudya. Mtsikana amene ankaphikira mpingo wonse anasiya kuphika, poopa kutithirira thumba lathunthu la mchere.

Tsiku lina anandikokera ku kalesitilanti ka anthu a ku Malaysia ku Morley. Tinaitanitsa laksa, supu wa kokonati wofiira ndi tsabola. Ine ndinayamba kumwa pompo. Iye anavula masiki mwamantha, nawerama pa nthunzi, kenako anakuwa mpaka ku Lilongwe anamva: "Malume, kokonati! Adyo! Ndikumva! Lamulungu ndikuphika ine!"

Mbale anaiseseratu psiti, naitanitsa ina. Ine misozi chuchuchu.

"Ndikulira ndi chimwemwe, Tupo," ndinatero.

"Bodza, Malume. Munayamba kulira ine ndisanavule n'komwe masiki. Imwani madzi."