Galimoto ya Agogo Inazima Pakati pa Mtsinje

Agogo anga aamuna, a Sitefano, ankanunkha petulo ngakhale Lamulungu atasamba ndi kuvala jekete la kutchalitchi. Ndikawakumbukira ndimamva fungo limenelo litasakanikirana ndi la girisi ndi utsi wa nkhuni za paini, ndipo ndimawaona m'mawa wa chifunga atawerama pansi pa boneti, chipewa chaubweya chitaphimba makutu, akung'ung'udza nyimbo ya pa Misa.

Anayendetsa ansembe kumishoni zaka zambiri, ndipo popuma ntchito ansembewo anawasiyira galimoto imene ankayendetsayo, chigalimoto chobiriwira chokwera mapiri, cha denga la lona, chimene chinakalamba ine ndisanabadwe. Kwathu kumapiri a ku Lobi mvula ikagwa msewu umasanduka phala, ndipo galimoto zina zonse zinkabwerera kumunsi. Ya agogo yokha ndiyo inkafika. Inkanyamula matumba a kachewere kupita kumsika wa Mayani, inkanyamula odwala, inkanyamulanso maliro.

Koma inali ndi nthenda yake. Pothamanga inkalira bwinobwino, koma agogo akangochotsa phazi pa moto, injini inkayamba kunjenjemera, kutsokomola, zitseko kumangoti gwedegwede, mwina mpaka kuzima. Iwo anazolowera kuinyengerera ndi phazi.

"Ndi nkhalamba inzanga iyi, imadana n'kuima," ankatero akuseka. "Ndidzaiona bwino mvula ikatha."

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Bambo anga anali ku Joni, ndipo ine ndi amayi tinkakhala pakhomo pa agogo. Amayi, a Rozina, anali mwana wawo mmodzi yekha wamkazi, ndipo chaka chimenecho anali oyembekezera. Tsiku lina masana, mwezi wa Febuluwale, anabwera kuchokera kudimba akuyenda mogwira makoma, chitenje chili magazi okhaokha. Nthawi yawo inali isanakwane. Azimayi oyandikana nafe anathamanga, anawagoneka amayi pamatiresi kumbuyo kwa galimoto, ine ndinakwera nawo ndipo palibe anandithamangitsa.

Panjira yathu pali kamtsinje kopanda mlatho, timangowoloka pamiyala. Tsiku limenelo madzi anali atakwera. Agogo anachepetsa liwiro kuti alowetse giya yamphamvu, galimoto inalowa m'madzi, inatsokomola kawiri, n'kuzima. Anapotoza kiyi, batire linangodandaula. Anatsika ndi hendulo, chitsulo chopukusira injini kutsogolo, n'kuima m'madzi ofika m'ntchafu. Ankapukusa, injini n'kukana, n'kupukusanso, mvula ikuwatsikira m'khosi. Amayi anali atandigwira pamkono, dzanja lawo likuzizira.

"Ababa, musadzipweteke," anatero ndi mawu otsika. Agogo sanamve.

Sindidziwa kuti tinakhala pamenepo nthawi yotalika bwanji. Kwa ine linali tsiku lathunthu. Injini inalira, tinafika pachipatala chaching'ono cha kumunsi, anamwino anathamangira nawo amayi mkati. Dzuwa lisanalowe anatuluka kudzaitana agogo. Amayi anali atatisiya, pamodzi ndi mwana amene sanaone kunja.

Maliro atatha, ndinamva amayi ena pamjigo akunong'onezana kuti galimoto ikanapanda kuzima a Rozina akanakhala moyo. Sanandione kuti ndaima kumbuyo kwawo ndi ndowa. Mawu amenewo ndinawanyamula ngati khala la moto. Ndinasiya kudya mbale imodzi ndi agogo, akandiitana ndinkayankha ndi mapewa. Kale ankanditcha mkazi wawo, monga amachitira agogo ndi adzukulu, ndipo ine ndinkaseka. Tsiku lina anayesanso.

"Mkazi wanga, mwandikwiyira chiyani? Tabwerani tidye chimanga chootcha."

"Galimoto yanuyo ndiyo inapha amayi," ndinatero. "Munkadziwa kuti ndi yowonongeka."

Anaika chimanga chija pansi. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, mwinanso ndinkafuna kuti atero.

"Ndinkadziwa, Aginesi," anayankha.

M'mawa mwake anatsegula boneti, ndipo kwa masabata ambiri sanapitenso kumunda. Udzu unakula m'nyemba, iwo ali pagalimoto. Ndinkawaona ndili pakhonde, ndikunamizira kusenda kachewere. Anachotsa mapulagi n'kuwapala ndi kabulashi kawaya. Anamasula kabyuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya, n'kuyala tizidutswa take pachiguduli choyera motsatana kuti asasokoneze. Anatsuka kalikonse m'mbale yachitsulo ya petulo, timabowo tating'ono n'kutiuzira ndi pampu ya njinga, kenako n'kusuzumira padzuwa kuti aone ngati kuwala kukudutsa. Anabwezeretsa zonse, analiza injini, anapotoza kasikulu kapambali pang'onopang'ono, khutu ali tcheru. Injini inkangonjenjemerabe. Anamasulanso. Zala zawo zinang'ambika ndi petulo ndi chisanu cha mwezi wa Meyi, nsima inkawazizirira pamwala.

Azibale ankati aigulitse kwa ogula zitsulo. Ena ankati nkhalamba yasokonekera mutu ndi chisoni. Iwo ankangopitiriza ntchito yawo.

Tsiku limene anapeza vutolo linali Loweruka. Injini ikulira monjenjemera, anatenga nthenga ya nkhuku, kuiviika m'petulo, n'kumadontheza mozungulira pamene kabyuleta imakhalira pa injini. Atadontheza mbali yakumbuyo, kulira kwa injini kunasintha, kunasalala kwa kanthawi, kenako kunabwerera. Anadonthezanso, zinachitika chimodzimodzi. Anazimitsa, anamasula manati, n'kutulutsa kapepala kakuda kopyapyala kamene kamatseka mpata pakati pa zitsulo ziwirizo. Kanali kothetheka mbali imodzi, mng'alu wake wosaposa chikhadabo. Pamenepo m'pamene injini inkakokera mpweya wosafunika.

Anayang'anayang'ana m'bokosi lawo pepala lolimba lodulira china, osalipeza. Anafunafuna m'nyumba, anabwera chimanjamanja. Sindidziwa chimene chinandigwira. Ndinalowa kuchipinda, ndinang'amba chikuto cha kope langa la masamu, ndinakachiika pamadigadi a galimoto, n'kubwerera pakhonde. Agogo anachitenga. Anajambula ndi pensulo, anadula ndi lezala mosamala, anapaka girisi mbali zonse, anamanga.

Galimoto inalira kamodzi. Anapotoza kasikulu kaja pang'ono, n'kubwerera m'mbuyo. Injini inkalira yokha, mofatsa, popanda phazi la munthu. Anatunga madzi m'kapu n'kuiika paboneti. Madzi sanatayike.

Anakhala pabampala, kapepala kothetheka kaja kali m'manja.

"Kanthu kakang'ono chonchi," anatero. "Aginesi, taona. Pepala. Mwana wanga wapita chifukwa cha pepala."

Aka kanali koyamba kuona mwamuna wamkulu akulira mokweza, pakuti pamaliro paja iwo sanagwetse msozi. Ndinafuna kupita kukawagwira. Koma sindinapite. Ndinangokhala pakhonde paja, mpeni uli m'manja, injini ikulira bwino kwambiri kuposa mmene ndinaimvera chibadwire.

Kuyambira pamenepo tinayambanso kudya limodzi. Galimoto inayenda zaka zina zinayi, ndipo sinazimenso pamtsinje paja. Mayi aliyense woyembekezera m'mudzimo agogo ankamuwerengera miyezi kuposa mwamuna wake, ndipo mwezi wachisanu ndi chitatu ukakwana ankapita okha kukagogoda kuti, "Konzekani, mukadikirire kuchipatala." Koma sanandiitanenso mkazi wawo, ndipo ine sindinabweze mawu anga aja. Ndinkati ndidzanena ndikakula. Anamwalira ndili Fomu 2 kusukulu yogonera komweko, ndipo ndinafika atatseka kale bokosi.

Lero ndine namwino, ndimathandiza amayi pobereka. Ndinaphunzira dzina la chimene chinachitikira amayi anga, ndipo ndachiona ndi maso kangapo. Pachipatala chaching'ono chija panalibe magazi oti awapatse, panalibenso dokotala woti awachite opaleshoni. Ngakhale galimoto ikanawoloka osaima, ndikuganiza kuti sakanapulumuka. Sindingalumbire, koma ndi zimene ndikanawauza agogo, ndipo ndinazidziwa patapita zaka khumi ali m'manda.

Zikavuta kuntchito, ine ndi amene ndimatuluka kukauza achibale. Nthawi zambiri pamakhala bambo wina wonyowa ndi thukuta, amene wapalasa njinga kapena wathamangitsa njinga yamoto kuchokera kutali, ndipo amafunsa chinthu chimodzi: "Asisita, tikanafulumira?" Ndisanayankhe ndimayang'ana kaye ngati pabenchi pali mwana. Akakhalapo ndimagwada kuti naye amve bwino, ndipo ndimanena momveka kuti bamboyu wamufikitsa wodwalayo, wachita zonse zimene akanatha.