A Zaghloul, Wonyoza Makanda

A Zaghloul amasita zovala pansi pa nyumba yathu ku Sohag, koma mumsewu muno amadziwika ndi ndakatulo zonyoza makanda. Ali mnyamata anati mwana wina ndi mwezi, mwanayo n'kudwala chikuku. Chiyambire pamenepo sayamikira khanda, kuopa kuliitanira diso la nsanje. Ife amayi timawadalira.

Tsiku lotulutsa Ziyad wanga m'chikuta ndinawapempha: "Amalume, mumunyoze kwambiri. Ndi woyamba."

Tinamugoneka m'sefa monga mwa mwambo, alendo atadzaza chipinda. A Zaghloul anakonza pakhosi.

"Mwana uyu ndi nsapato yakutha ya kumanzere!"

Mtima wanga unakhala pansi. Koma apongozi anga, Hajja Nabawiya, anayamba kusisima.

"Allah! Nsapato yakutha ndiyo imadziwa njira ya kunyumba. Angaitaye ndani?"

Chipinda chonse chinavomera, "Allah!" Maso onse anatera pa mwana wanga.

"Amalume, mwamuyamikira!" ndinanong'ona.

"Ine ndati nsapato, mwana wanga. Diso silinapite kusukulu, limangomva mawu."

"Diso lili pankhope za anthuwa, ndipo iwo amva zina!"

Anayesanso, thukuta lili kamukamu. "Ndi anyezi wowola wa pamsika!"

"Zoonadi," anatero mlamu wanga Fathi, "watiliza tonse ndi chimwemwe."

"Khala chete, bulu iwe!" anakalipa a Zaghloul. "Mwanayu ndi bulu ngati Fathi!"

"Wopirira, wosenza banja lonse," anatero mayi wina akupukuta misozi. Fathi anathokoza.

Ziyad anayetsemula. Ndinakoka a Zaghloul malaya.

"Musamufanizirenso ndi kanthu. Nenani zimene mukuona basi."

Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti asite ndi simbi yozizira. Kenako ananena motsitsa mawu:

"Uyu ndi mwana. Ali m'sefa. Ali ndi makutu awiri."

Wina anati mkuluyu nzeru zamuthera. Maso anachoka pa Ziyad n'kupita pambale ya maswiti. Ndinapuma.

Apo apongozi anapendeketsa mutu. "Makutu awiri... Allah! Ndiye kuti..."

Ndinatsomphola munsi wamkuwa umene timaombera m'kamtondo kuti khanda lisamadzidzimuke. Ndinaomba osapumira, mpaka alendo anayamba kutsanzikana ndi manja okha.

A Zaghloul anasiya kundiyankha moni mpaka Ramadani.